Kulondola Chipembere m'Chipululu cha Namib

Abambo ndi amayi, m'phunziro la lero tichoka kwathu kuno pang'ono. Tipita ku dziko la Namibia, kummwera chakumadzulo kwa Africa. Kumeneko kuli chipululu chachikulu chotchedwa Namib. Tikayenda pansi pamodzi ndi alonda a nyama, kufunafuna nyama imene yatsala pang'ono kutha pa dziko lapansi. Nyamayo ndi chipembere. Werengani mosafulumira. Mukapeza mau achilendo, imani, muwatchule kawiri kapena katatu, kenaka pitirizani.

1. Kodi chipululu n'chiyani?

Chipululu ndi malo amene mvula siigwa kawirikawiri. Kuno ku Malawi kulibe chipululu. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa kumatentha ndithu, koma mvula imagwa ndipo mapira amacha. Ku Lilongwe mvula ya chaka chimodzi imapitirira mamilimita 800. Koma m'mbali mwa nyanja ku Namib, chaka chonse chimatha mvula osakwana mamilimita 25. Zaka zina siigwa n'komwe.

Chipululu cha Namib n'chachitali makilomita pafupifupi 2,000. Chinayambira ku Angola, n'kudutsa Namibia yense, mpaka ku South Africa. Ndiye kuti kutalika kwake n'koposa kawiri kutalika kwa Malawi. Mbali ina kuli mapiri a mchenga wofiira. Mbali ina kuli miyala yokhayokha. Masana dzuwa limaswa mtengo. Usiku kumazizira koti munthu afune bulangeti.

Nanga zamoyo zimamwa chiyani? Yankho lake ndi nkhungu. Madzi a nyanja ya Atlantic kumeneko ndi ozizira kwambiri. Mpweya ukadutsa pamwamba pa madziwo umasanduka nkhungu, ndipo mphepo imaikankhira kumtunda usiku ndi m'mamawa. Nkhungu imeneyi imasiya timadontho pa miyala ndi pa masamba, ngati mame a kuno. Zomera ndi tizilombo tambiri timadalira timadontho tomweti.

Boma la Namibia linapatula malo aakulu a m'chipululumu kuti akhale osungirako nyama. Kummwera kuli nkhalango ya Namib-Naukluft, imene ndi yaikulu kuposa Chigawo chathu chonse cha Pakati. Kumpoto, m'mbali mwa nyanja, kuli nkhalango ya Skeleton Coast. Pafupi ndi nkhalango imeneyi, m'chigawo cha Kunene, kuli malo osungirako nyama otchedwa Palmwag. Kumeneko ndi kumene tikupita.

2. Kukonzekera ulendo

Ulendo wa m'chipululu si wongodzukira ayi. Amene amanyozera kukonzekera amaika moyo wake pachiswe. Taonani zofunika kutenga:

Madzi akumwa. Munthu mmodzi atenge malita osachepera 5 pa tsiku.
Chipewa chachikulu chophimba nkhope ndi khosi.
Malaya a manja aatali. Asakhale oyera mbee kapena ofiira, chifukwa amaonekera patali.
Nsapato zolimba zimene munaziyendera kale. Nsapato zatsopano zimatulutsa matuza.
Kamba wosalemera, monga mtedza wokazinga ndi buledi.
Juzi ya m'mamawa ndi usiku.
Shuga ndi mchere pang'ono.

Chinthu china chachikulu ndi ichi: musapite nokha. Ku Palmwag mlendo wofuna kuona chipembere amayenda ndi alonda odziwa malowo. Iwo ndiwo amadziwa kumene kuli akasupe, amadziwa njira, amadziwanso khalidwe la nyama. Paja akulu anati safunsa anadya phula. M'chipululu wosafunsa amasochera, ndipo wosochera amafa ndi ludzu.

3. Kunyamuka m'mamawa

Tsono tiyerekeze kuti tafika. Tadzuka kusanache, nthanda ikuwala. Tisanavale nsapato tazikutumula, chifukwa zinkhanira zimakonda kugona m'nsapato usiku. Takwera galimoto mpaka pa kasupe. Apa alonda atsika ndipo ayamba kuyang'ana pansi.

N'chifukwa chiyani tayambira pa kasupe? Chifukwa chipembere chimamwa madzi usiku. Cha m'chipululu chimatha kukhala masiku atatu kapena anayi osamwa, koma pomaliza chiyenera kubwera pa madzi basi. Chikamwa chimasiya mapazi m'matope.

Phazi la chipembere n'losavuta kulizindikira. Lili ndi zala zitatu: chachikulu pakati, ziwiri zazing'ono m'mbali. La njovu n'lobulungira ndiponso lalikulu kwambiri. La mbidzi lili ndi chiboda chimodzi ngati la bulu. Alonda amawerenga mapazi monga momwe inu mwayambira kuwerenga zilembo. Phazi likakhala lakuthwa m'mbali, mphepo isanaliwaze mchenga, ndiye kuti nyama yadutsa posachedwa. Tizilombo ta usiku tikayenda pamwamba pa phazilo, ndiye kuti nyama inadutsa usiku usanathe.

Alonda apeza mapazi atsopano. Galimoto tisiya pomwepa. Kuchokera pano ndi ulendo wapansi.

Tikuyenda mondondozana, mlonda patsogolo, mlonda wina pambuyo. Palibe kuyankhula mokweza. Palibe kusuta fodya. Posakhalitsa tafika pa miyala, ndipo mapazi asowa. Ife alendo sitikuona kanthu. Koma mlonda waona kamwala kamene kagudubuzika, mbali yake yakuda ili pamwamba. Patsogolo waona nthambi yodulidwa mopendekeka ngati yadulidwa ndi mpeni. Umo ndi mmene mano a chipembere amadulira. Patsogolo pang'ono tapeza ndowe. Mlonda waiphwanya ndi kamtengo. M'kati muli timitengo todukaduka, ndipo ndi yonyowa. Chipembere chili pafupi.

4. Zimene tikuona m'njira

Munthu akangoponya maso amati m'chipululu mulibe kanthu. Koma woyenda pansi amaona zambiri zimene wa pa galimoto saona.

Mitengo ina tikuidziwa. Uwo ndi tsanya, womwe uja wa ku Chigwa cha Shire, koma kuno ndi waufupi chifukwa cha kusowa madzi. M'mitsinje youma muli mitengo ya nsangu. Nyemba zake zikagwa, njovu ndi nyama zina zimadya, monga zimachitira mbuzi ndi ng'ombe zathu.

Inde, m'chipululu muno muli njovu. Zimayenda m'mitsinje youma monga Hoanib ndi Huab. Zikamva ludzu zimafukula mchenga ndi miyendo ndi chitamba mpaka madzi atuluke, monga amachitira amayi kwathu mtsinje ukaphwa m'chilimwe. Njovu zikachoka, nyama zing'onozing'ono zimabwera kudzamwa pa zitsime zomwezo.

Patali apo paima nyama yokongola yotchedwa gemsbok. Thupi lake likufanana ndi la chilembwe, koma nyanga zake n'zowongoka ngati mikondo. Nkhope yake ili ndi mawanga oyera ndi akuda. Nyama imeneyi imatha kukhala nthawi yaitali osamwa madzi. Imadya usiku ndi m'mamawa, pamene udzu uli ndi chinyezi. Imafukulanso mizu ndi kudya mavwende akutchire. Chithunzi chake chili pa chizindikiro cha boma la Namibia.

M'mapiri muli mbidzi za mtundu wake, zodziwa kukwera miyala. Kuchigwa kuli nthiwatiwa ndi akadyansonga. Mikango nayo ilipo, ngakhale ndi yochepa.

Taonani chomera ichi chili pansipa. Chikuoneka ngati mulu wa zikopa zong'ambika. Dzina lake ndi welwitschia. Moyo wake wonse chimakhala ndi masamba awiri okha. Masambawo amangokulirakulira, ndipo mphepo imawang'amba n'kuoneka ngati ambiri. Zina mwa zomera zimenezi zakhala zaka zoposa 1,000. Musachiponde, ndipo musayende pafupi kwambiri, chifukwa mizu yake ina ili pamwamba.

Kufupi ndi nyanja, pa mapiri a mchenga, kuli kachilombo konga kafadala. Nkhungu ikabwera kamakwera pamwamba pa mchenga, n'kuzolika mutu pansi, msana n'kulozetsa kumphepo. Timadontho timasonkhana pamsana pake n'kutsetserekera kukamwa. Kamwa madzi popanda chitsime!

Koma chenjerani ndi chitsamba ichi chotuwa, cha nthambi zambiri zopanda masamba. Ndi mbale wake wa nkhadze. Utomoni wake woyera ndi poizoni kwa munthu. Ukalowa m'maso ukhoza kuchititsa khungu. Musachithyole, ndipo nthambi zake zouma musasonkhere moto wophikira kapena wootchera nyama. Chodabwitsa n'chakuti chipembere chimadya chitsamba chomwechi osadwala, ndipo masana chimagona mumthunzi wake.

5. Dzuwa lakwera

Tayenda maola atatu. Dzuwa lafika pamutu pang'ono, miyala yayamba kutentha. Ino ndiyo nthawi yoopsa kwa woyenda pansi.

Musadikire ludzu kuti mumwe madzi. Imwani pang'onopang'ono, kawirikawiri. Zizindikiro zakuti madzi achepa m'thupi ndi izi: mutu kupweteka, chizungulire, m'kamwa kuuma, ndiponso mkodzo kukhala wochepa ndi wachikasu kwambiri. Mnzanu akayamba kutere, musamuseke kuti ndi wofooka. Mukhazikeni pamthunzi. Mumasuleni malaya. Mupatseni madzi a shuga ndi mchere, omwe aja timapatsa mwana wotsegula m'mimba. Mu lita imodzi ya madzi abwino thirani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Akayamba kubwebweta kapena kukomoka, ndiye kuti zafika poipa. Mumthire madzi m'thupi, mumkupize, ndipo apite naye kuchipatala msanga.

Lamulo la alonda ndi ili: theka la madzi likatha, bwererani. Chipembere mudzachiona tsiku lina, koma moyo ulibe tsiku lina.

Chenjezo linanso ndi la mitsinje youma. Mchenga wake ndi wofewa, ndipo pali mthunzi wabwino. Koma musagonemo usiku. Mvula ikhoza kugwa kumapiri akutali inu osadziwa, madzi n'kubwera mwadzidzidzi ngati khoma. Ndiponso m'mitsinjemo ndimo mumadutsa njovu.

6. Taonani, icho!

Mlonda wakweza dzanja. Tonse taima chilili. Watapa fumbi pang'ono n'kuliwaza m'mwamba. Akufuna kudziwa kumene mphepo ikulowera. Chipembere sichiona patali, koma chimamva fungo ndi phokoso kwambiri. Choncho tiyenera kuchifika mphepo ikuchokera kwa icho kubwera kwa ife. Mphepo ikatenga fungo lathu kupita nalo kwa icho, chithawa, kapena chitithamangira.

Tazungulira kaphiri mwakachetechete. Mlonda waloza ndi chala. Poyamba tikuona miyala yokha. Kenaka mwala wina wagwedeza khutu! Ndi chipembere chachikazi, chagona pansi pa chitsamba. Pambali pake pali kamwana.

Tikhala pansi patali ndithu, mtunda woposa kutalika kwa bwalo la mpira. Sitisendera pafupi. Chipembere chachikulu chimalemera makilogalamu oposa 800, ndipo chimathamanga kuposa munthu aliyense. Chokhala ndi mwana chimakwiya msanga. Komanso tikachidzidzimutsa chikhoza kuthawa mtunda wautali padzuwa, kamwana n'kutopa kapena kutsalira, afisi ndi mikango n'kupezerapo mwayi.

Tikuyang'ana ndi magalasi oonera patali. Chili ndi nyanga ziwiri pamphuno, yaitali kutsogolo. Mlomo wake wapamwamba ndi wosongoka, wokokera nthambi. Uwu ndi mtundu umene umatchedwa chipembere chakuda, ngakhale khungu lake ndi lotuwa. Mtundu wina wa mu Africa, chipembere choyera, uli ndi mlomo wotambalala ndipo umadya udzu.

Tsono taonani zimene mlonda akuchita. Watulutsa kabuku ndi pensulo. Akulemba tsiku, nthawi ndi malo. Akujambula mmene nyanga zapindikira ndi mmene makutu anang'ambikira, chifukwa chipembere chilichonse chili ndi zizindikiro zakezake. Akulemba ngati chanenepa kapena chaonda, ndiponso kukula kwa mwana. Mnzake akutola chithunzi. Zolembazi zimapita ku ofesi, kumene amasunga mbiri ya chipembere chilichonse. China chikasowa nthawi yaitali, amadziwa msanga n'kuyamba kuchifunafuna. Mwaona ntchito ya kulemba? Pensulo nayo imateteza nyama.

Patapita mphindi zochepa mlonda watikodola. Tibwerera mmene tinabwerera, mwakachetechete. Chipembere chikadali mtulo, sichinadziwe n'komwe kuti kunabwera anthu. Ulendo wabwino ndi wotere.

Dziwani kuti si masiku onse anthu amachipeza. Ena amayenda tsiku lonse n'kubwerera ataona mapazi okha. Malo amene zipemberezi zimayendamo ndi aakulu pafupifupi ngati Chigawo chathu cha Kumpoto, ndipo alibe mpanda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

7. Chifukwa chiyani chipembere chikusowa?

Cha m'ma 1970 mu Africa munali zipembere zakuda pafupifupi 65,000. Pofika 1995 zinatsala zosakwana 2,500. Anazitha ndi anthu opha nyama mozemba, pofuna nyanga. Nyangazo amakazigulitsa kumaiko akutali, makamaka ku Asia, kumene ena amakhulupirira kuti ndi mankhwala. Koma nyanga ya chipembere inapangidwa ndi zinthu zomwe zija zimapanga zikhadabo ndi tsitsi lathu. Nyama yonse imafera chinthu chonga chikhadabo.

Vuto lina n'lakuti chipembere sichiswana msanga. Chimakhala ndi bere miyezi 15 kapena 16, ndipo chimabala mwana mmodzi yekha. Pamapita zaka ziwiri ndi theka, zitatu, mwinanso kuposa, kuti chibalenso. Mbuzi imabala chaka ndi chaka, nthawi zina awiriawiri. Chipembere sichitero. Mukapha chachikazi chimodzi mwapha ndi ana onse amene chikadabala.

Ku Kunene nako zinthu zinaipa. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 kunagwa chilala choopsa, ndipo opha nyama anachuluka. Zipembere zinatsala zosakwana 100. M'chaka cha 1982 mayi Blythe Loutit ndi anzawo anayambitsa bungwe la Save the Rhino Trust. Pa nthawi yomweyo bambo Garth Owen-Smith anakhala pansi ndi mafumu a m'deralo. Anagwirizana kuti mafumuwo asankhe anthu a m'midzi mwawo kuti akhale alonda. Ena mwa alonda oyambawo anali alenje amene kale ankapha nyama. Luso lomwe ankaphera analisandutsa lotetezera.

Namibia inalandira ufulu wodzilamulira mu 1990. Mu 1996 boma linakhazikitsa lamulo lolola anthu a m'midzi kupanga magulu oyang'anira nyama za m'dera lawo, ndi kulandirako ndalama zochokera kwa alendo odzaona nyama. Anthu a mitundu ya Damara, Herero ndi Himba anayamba kuona kuti chipembere chamoyo chimabweretsa ntchito ndi ndalama chaka ndi chaka, pamene chakufa chimapindulira munthu mmodzi kamodzi kokha. Zipembere za ku Kunene zinayamba kuchulukanso.

Koma nkhondoyi sinathe. M'zaka za 2014 ndi 2015 kupha zipembere kunakulanso m'dziko la Namibia. Chilala nacho chimabwerabwera. Ndipo kukhala pafupi ndi nyama zakutchire si kopepuka: njovu zimaphwanya mipope ndi matanki a madzi, mikango imagwira ziweto. N'chifukwa chake pamafunika kukambirana nthawi zonse, kuti amene akuvutika ndi nyama akhalenso amene akupindula nazo. Mutu umodzi susenza denga.

8. Nanga kwathu kuno?

Nkhani imeneyi ikutikhudza ifenso. Makolo athu ankachidziwa chipembere, n'chifukwa chake chili ndi dzina m'chinenero chathu. Koma chinatheratu m'Malawi muno chifukwa cha kuphedwa. Mu 1993 zipembere ziwiri zinabwera ku nkhalango ya Liwonde kuchokera ku Kruger, ku South Africa. Mu 2003 zina zinafika ku Majete. Mu 2019 zinanso 17 zinabwera pa ndege kuchokera ku South Africa kupita ku Liwonde. Taganizani: nyama imene inali yathu, tinachita kukaitenga kwa anzathu.

Lamulo losamalira nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017. Wopezeka atapha chipembere kapena njovu, kapena akugulitsa nyanga zake, akhoza kukhala kundende zaka mpaka 30. Munthu wachilendo akabwera m'mudzi kudzanyengerera anyamata ndi ndalama kuti amulondolere nyama, kauzeni amfumu kapena alonda a nkhalango. Iye adzathawa, koma wokagwira ukaidi ndi mwana wanu.

Ambiri a ife mwina sitidzafika ku Namib. Koma Liwonde ndi Majete zili pafupi. Gulu lanu likhoza kusonkha ndalama n'kupita kukaona nyama. Tengani ana, kuti chipembere asamangochimvera m'nthano.

Mau oti tiwadziwe

Chipululu: malo ouma kumene mvula siigwa kawirikawiri.
Nkhungu: mtambo woyenda pansi, wonyowetsa ngati mame.
Kasupe: malo amene madzi amatumphuka okha pansi.
Kulondola: kutsatira mapazi a nyama kapena a munthu.
Lita: muyeso wa madzi. Chigubu chachikulu chotungira madzi chimalowa malita 20.

Mafunso

1. Kodi chipululu cha Namib chili m'maiko ati?
2. Tchulani zinthu zinayi zofunika kutenga pa ulendo wa m'chipululu.
3. Phazi la chipembere lili ndi zala zingati?
4. N'chifukwa chiyani mlonda amawaza fumbi m'mwamba?
5. Mungamuthandize bwanji mnzanu amene madzi achepa m'thupi mwake?
6. Zipembere zinabweranso ku Liwonde m'chaka chiti koyamba?

Masamu

Anthu 6 akupita m'chipululu kwa masiku 2. Aliyense amafuna malita 5 a madzi pa tsiku. Kodi onse pamodzi atenge malita angati? Atenge zigubu zingati za malita 20?

Zokambirana pagulu

Funsani agogo a m'mudzi mwanu kuti akuuzeni nyama zimene zinkapezeka kwanuko iwo ali ana. Lembani maina a nyamazo m'kope lanu. Ikani chizindikiro pa zimene zikadalipo lero. Nanga zinazo zinapita kuti? Mubwere ndi kope lanu tsiku lokumananso, kuti mudzawerengere anzanu.